Mbiri ya mwezi uno: Rachel Carson, wasayansi wa nsomba amene analimbana ndi DDT

Mwezi uno pa gawo lathu la mbiri tasankha mayi wina wa ku America amene anamwalira kalekale, makolo a ambiri a ife asanabadwe n'komwe. Dzina lake ndi Rachel Carson. Tamusankha dala. Ambiri m'kalabu muno tinamaliza Fomu 4, ena tikudikira mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite, ena mayina anatuluka koma fizi ndiye palibe. Ndipo nthawi zonse tikamakambirana za maphunziro a zachilengedwe, pamapezeka wina wofunsa kuti, kodi munthu ukaphunzira za nsomba, mitengo kapena nthaka, umakagwira ntchito yanji? Nanga kafukufuku amene amachita a digiri yachiwiri uja amathandiza ndani? Moyo wa mayiyu ukuyankha mafunso awiri onsewa, ndipo njira imene anadutsamo ambiri tiizindikira, chifukwa muli ngongole ya sukulu, maganyu ndi maliro.

Kwawo kunalibe nyanja

Rachel Louise Carson anabadwa pa 27 Meyi 1907 m'katawuni ka Springdale, m'chigawo cha Pennsylvania, m'mbali mwa mtsinje wa Allegheny, kumtunda pang'ono kwa mzinda wa Pittsburgh. Anali mzime m'banja la ana atatu. Bambo ake, a Robert Carson, anali ndi malo okwana maekala 65, koma musaganize kuti anali mpondamatiki. Ankagulitsa inshulansi, ndipo ndalama zinkalowa m'nyumba mwa apo ndi apo. Mayi ake, a Maria, anali mphunzitsi asanakwatiwe. Iwowa ndi amene ankamutenga Rachel kukayenda naye m'tchire la pamalo pawopo, n'kumamuphunzitsa mayina a mbalame, zomera ndi tizilombo. Pa nthawi yomweyo mafakitale ndi malo opangira magetsi ndi malasha zinali zikudetsa mpweya ndi mtsinje wa m'deralo. Choncho mwanayu anakula akuona zonse ziwiri, tchire lamoyo mbali ina, utsi mbali ina.

Chimene ankakonda kwambiri chinali kulemba. Mu 1918, ali ndi zaka 11, nkhani yake inatuluka m'magazini ya ana yotchedwa St. Nicholas. Sekondale anaimaliza mu 1925, ndipo pa ana 44 a m'kalasi mwake iye ndiye anali nambala wani.

Anapeza malo pa Pennsylvania College for Women, koleji ya atsikana ku Pittsburgh, imene masiku ano ndi Chatham University. Thandizo la ndalama limene analandira silinali lokwanira. Bambo ake ankagulitsa zigawo za malo aja, mayi ake ankaphunzitsa ana a eni kuimba piyano, mpaka anagulitsa ziwiya zabwino za m'nyumba, zonsezi kuti mwana asabwerere kunyumba. Rachel analowa kukaphunzira Chingerezi, cholinga chake adzakhale wolemba mabuku. Koma lamulo la pakolejipo linali lakuti aliyense atengeko phunziro la sayansi. Iye anatenga bayoloje, amene ankaphunzitsa Mayi Mary Scott Skinker, ndipo basi, mtima unatembenuka. Mu Januwale 1928 anasiya Chingerezi n'kulowa bayoloje. Ambiri anaona ngati wadzitaya, chifukwa masiku amenewo ntchito za sayansi zimene mkazi akanapeza zinali zowerengeka. Anamaliza mu 1929 atakhoza bwino kwambiri, koma anatuluka pageti ali ndi ngongole ya koleji, chikole chake malo a bambo ake.

Chaka chomwecho anapita kukaphunzira kwa milungu ingapo ku Marine Biological Laboratory ku Woods Hole, m'chigawo cha Massachusetts. Kumeneko ndi kumene anaona nyanja yamchere koyamba. Tangoganizani, munthu amene dziko linadzamudziwa ngati katswiri wolemba za nyanja anafika zaka 22 asanaionepo ndi maso.

Kafukufuku wa impso za mlamba

Atachoka ku Woods Hole analowa Johns Hopkins University, mumzinda wa Baltimore, kukachita digiri yachiwiri, ya masters, pa za zinyama. Atangoyamba kumene, mu Okutobala 1929, chuma cha America chinagwa. Mabanki ambiri anatsekedwa, anthu mamiliyoni ntchito inawathera. Makolo ake anasamuka ku Springdale kukakhala naye ku Baltimore, kenako achibale enanso anatsatira, ndipo m'nyumba monsemo maso anali pa mwana wasukuluyo. Chaka choyamba chitatha, ndalama zoti aziphunzira tsiku lonse zinasowa. Anayamba kuphunzira theka la nthawi, theka linalo akugwira ntchito mu labotale ya Raymond Pearl, momwe munali makoswe ndi tintchentche ta pazipatso timene asayansi amafufuzira za chibadwa. Ankaphunzitsanso bayoloje pa tchuthi ku Johns Hopkins komweko, komanso ku University of Maryland.

Apa ndifotokoze pang'ono, kwa amene mawu akuti kafukufuku wa masters mumangowamva. Pa digiri yoyamba umaphunzira zimene ena anapeza kale. Pa yachiwiri amakupatsa mphunzitsi wokuyang'anira, iwe n'kusankha funso limodzi laling'ono limene palibe analiyankha bwino, n'kulisaka wekha mpaka ulembe buku la zimene wapeza. Ndiye funsolo limatha kukukana. Rachel anayamba ndi njoka, sizinayende. Anayesa agologolo, sizinayendenso. Nthawi ikupita, ndalama zikutha. Pomaliza anakhazikika pa nsomba ya mtundu wa mlamba. Funso lake linali lakuti impso zoyamba za nsombayi zimapangika bwanji kuyambira ikadali m'dzira mpaka itangoswa. Ntchito yake inali kudula tiana ta nsomba m'tizidutswa topyapyala kuposa pepala, kutiika pa maikulosikopu, kujambula zimene akuona, mawa kubwerezanso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kafukufuku ndi zimenezo basi. Digiri anailandira mu Juni 1932.

Kunena zoona, buku la impso za mlambalo silinamutchukitse, analiwerenga ndi anthu ochepa. Koma linamusiyira khalidwe limene anafa nalo: osanena chinthu usanachitsimikize, kulemba kumene wachitenga, ndi kupereka zimene walemba kwa odziwa kuposa iwe kuti azione kaye. Patapita zaka 30, khalidwe limeneli ndi limene linadzamuteteza.

Ankafuna kupitiriza mpaka PhD. Koma mu 1934 anasiya sukulu, chifukwa panyumba pankafunika munthu wa malipiro. Mu 1935 bambo ake anamwalira mwadzidzidzi. PhD ija inathera pomwepo, sanaibwererenso.

Ganyu wa pa wailesi

Mphunzitsi wake wakale uja, Mayi Skinker, sanamutaye. Anamulimbikitsa kuti akayese ku nthambi ya boma yoona za nsomba, Bureau of Fisheries. Kumeneko anakumana ndi bwana wina, a Elmer Higgins, amene mutu unali utawaima. Nthambiyo inali ndi pulogalamu ya pa wailesi yophunzitsa anthu za m'madzi, koma asayansi ake ankalemba zouma, ndipo wodziwa kulemba sankadziwa nsomba. Rachel ankadziwa zonse ziwiri. Anamupatsa ganyu wolemba mapulogalamu 52, iliyonse ya mphindi 7. Chingerezi chimene anasiya ku koleji chija chinabwerera n'kudzakumana ndi bayoloje. Kuti awonjezere kandalama, ankagulitsanso nkhani za usodzi wa ku Chesapeake Bay ku nyuzipepala ya Baltimore Sun.

Mu 1936 analemba mayeso olowera ntchito m'boma ndipo anaposa onse amene analemba nawo. Analembedwa ngati wasayansi wamng'ono wa zamoyo zam'madzi, ndipo anali mkazi wachiwiri kupatsidwa ntchito yokhazikika ya ukatswiri mu nthambiyo. Kuyambira pano tiziwatchula kuti Mayi Carson, poti tsopano ndi munthu wamkulu wosenza banja. Ndipo analisenzadi. Mu Januwale 1937 mkulu wawo wamkazi anamwalira n'kusiya ana awiri aakazi. Mayi Carson, ali ndi zaka 29, anatsala akudyetsa mayi awo okalamba ndi ana amasiye awiri pa malipiro amodzi.

Ntchito yawo inali yotani kwenikweni? Ambiri tikamva za ntchito ya zachilengedwe timaganiza za munthu wovala magambuti ali m'nkhalango kapena m'boti. Mayi Carson nthawi yambiri anali pa desiki. Asayansi a m'madera ankatumiza ziwerengero: nsomba zagwidwa zingati, zazikulu bwanji, zikuchepa kapena zikuchuluka. Iwo ankaziwerenga, kuzisanthula, n'kuzilemba m'timabuku toti msodzi ndi munthu wamba amve. Tsiku lina a Higgins anawapempha kuti alembe mawu oyamba a kabuku kena. Atawerenga anaona kuti nkhaniyo yakoma kuposa kabuku ka boma, ndipo anawalangiza kuti aitumize ku magazini ya Atlantic Monthly. Inatulukadi mu 1937, ndipo ndi imene inabala buku lawo loyamba, Under the Sea-Wind. Tsoka ilo, bukuli linatuluka mu Novembala 1941, ndipo pa 7 Disembala ndege za Japan zinaponya mabomba ku Pearl Harbor, America n'kulowa nkhondo. Ndani akanagula buku la nsomba nthawi imeneyo? Linangokhala m'mashelefu.

Anapitiriza ntchito. Mu 1940 nthambi yawo inali itaphatikizidwa ndi ina n'kukhala Fish and Wildlife Service, yoona za nsomba ndi nyama zakutchire. Pa nthawi ya nkhondo, nyama itavuta kupeza, ankalemba timabuku tolimbikitsa anthu kudya mitundu ya nsomba imene ankainyoza. Popeza ankakonza zolemba za nthambiyo, malipoti a asayansi anzawo ankadutsa m'manja mwawo, ndipo ndi mmene anayambira kuona zotsatira za mankhwala atsopano otchedwa DDT, amene ankayesedwa ku Patuxent, ku Maryland. Mu 1945 anapempha magazini ya Reader's Digest kuti alembemo za nkhaniyi, koma anawakana. Nkhondo itatha anayendera malo otetezedwa a mbalame n'kulemba timabuku ta malo amenewo, ndipo mu 1949 anakwezedwa kukhala mkonzi wamkulu wa zolemba zonse za nthambiyo.

Usiku ndi kumapeto kwa sabata ankalemba buku lachiwiri. The Sea Around Us linatuluka mu 1951, ndipo ulendo uno zinayenda. Linakhala milungu 86 pa mndandanda wa New York Times wa mabuku ogulidwa kwambiri, ndipo mu 1952 linapata mphoto ya National Book Award. Vuto la ndalama limene linawatsata kuyambira ali mwana linatha ali ndi zaka za m'ma 40. Chaka chomwecho anasiya ntchito ya boma ataigwira zaka 16, kenako anamanga kanyumba m'mbali mwa nyanja ku Southport Island, ku Maine, ndipo mu 1955 anatulutsa buku lachitatu, The Edge of the Sea. Akanafuna, akanapumira pamenepo.

Poizoni wogwa kumwamba

Tiyeni tidziwe kaye kuti DDT n'chiyani. Wasayansi wa ku Switzerland, Paul Müller, anapeza mu 1939 kuti mankhwalawa amapha tizilombo modabwitsa. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anapulumutsa asilikali ndi anthu wamba ambiri ku malungo ndi ku matenda ofala ndi nsabwe, ndipo mu 1948 Müller analandira mphoto ya Nobel. Mankhwalawa anali otchipa, ndipo akapoperedwa ankakhala nthawi yaitali osatha mphamvu. Nkhondo itatha anayamba kugulitsidwa kwa aliyense. M'zaka za m'ma 1950 boma la America linkatumiza ndege kukapopera DDT ndi mankhwala ena amphamvu pa nkhalango, minda, madambo ngakhale pamwamba pa nyumba za anthu, pofuna kutheratu mbozi za m'mitengo, nyerere zoluma ndi udzudzu.

Mu Januwale 1958 mnzawo wina, Olga Owens Huckins wa ku Duxbury ku Massachusetts, anawalembera kalata. Ndege inali itapopera dera lake pofuna kupha udzudzu, ndipo mbalame zinafa pamalo amene iye anawasiya kuti zizikhalapo mwamtendere. Ankafuna kuti Mayi Carson amupezere munthu ku Washington woti athandize. Atayamba kufunsafunsa, Mayi Carson anaona kuti nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mudzi umodzi. Anayesa kupempha olemba ena kuti aigwire, sizinatheke. Anaigwira okha.

Panyumba zinthu sizinali bwino. Mu 1957 mmodzi mwa ana a mkulu wawo aja anamwalira n'kusiya mwana wamwamuna wa zaka 5, ndipo Mayi Carson anamutenga kukhala wawo. Kumapeto kwa 1958 mayi awo anamwalira. Mu 1960 madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mawere ndipo anawachita opaleshoni. Buku limene ankaganiza kuti alimaliza msanga linawatengera zaka 4.

Mayi Carson sanalowe mu labotale kukapima okha DDT. Umboni unalipo kale, koma unali wobalalika m'malipoti a boma, m'magazini a asayansi, ndi m'madirowa a anthu amene ankaopa kulankhula kuti ntchito ingawathere. Iwo ankadziwa kumene malipoti otere amasungidwa, ankadziwa kuwawerenga, ndiponso ena mwa asayansiwo anali anzawo a kuntchito akale. Analembera makalata akatswiri ambirimbiri a mbalame, nsomba, nthaka ndi khansa, ku America ndi ku Ulaya, ndipo mitu ya bukulo ankaitumiza kwa akatswiri kuti aone ngati muli cholakwika. Impso za mlamba zija ndi zaka 16 za pa desiki zija zinagwira ntchito apa.

Chitsanzo chimodzi chimene anafotokoza chitithandiza kumvetsa nkhani yonse. Ku California kuli nyanja yotchedwa Clear Lake, kumene kumatuluka tintchentche tapachibale ndi nkhungu za pa nyanja yathu ija. Sitiluma, koma tinkasowetsa mtendere asodzi ndi alendo. Mu 1949 akuluakulu anathira m'nyanjamo mankhwala otchedwa DDD, m'bale wake wa DDT, ndipo anabwerezanso mu 1954 ndi mu 1957. Muyezo waukulu umene anathira unali gawo limodzi la mankhwala pa magawo 50 miliyoni a madzi, kadontho chabe. Koma mbalame zodya nsomba zinayamba kufa. Atapima mafuta a m'thupi mwa mbalamezo anapeza mpaka magawo 1,600 pa miliyoni, kutanthauza kuti mankhwala anali atachuluka ka 80,000 kuposa mmene analili m'madzi. Zinatheka bwanji? Mankhwalawa satuluka msanga m'thupi, amakakamira m'mafuta. Tizomera ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timawamwa, tinsomba timadya tizilomboto tambirimbiri, nsomba zazikulu zimadya tinsombato, mbalame n'kudya nsomba zazikuluzo. Aliyense akadya mnzake amalandira poizoni amene mnzakeyo anasonkhanitsa moyo wake wonse. Ndiye dzifunseni, winanso amene amadya nsomba zazikulu ndani?

Zofanana ndi zimenezi zinachitika pa Michigan State University. Anapopera mitengo, masamba anagwa, nyongolotsi zinadya masambawo, ndipo mbalame zodya nyongolotsi zinayamba kufa. Ku Canada, mu 1954, anapopera nkhalango kuti aphe mbozi, ndipo ana a nsomba za salmon anafera mumtsinje wa Miramichi. Mfundo ina imene Mayi Carson anaitsindika inali yakuti ukamapopera mwachisawawa, tizilombo tolimba timapulumuka n'kuswana, kenako mankhwala aja sagwiranso ntchito.

Bukulo analitcha Silent Spring. Kwawoko kuzizira kukatha, mitengo ikayamba kuphukira, mbalame zimabwerera ndipo m'mawa kumangomveka kulira kwa mbalame kokhakokha. Dzina la bukuli likunena za nyengo imeneyo itafika koma kunja kuli zii. Zigawo zake zinayamba kutuluka m'magazini ya The New Yorker pa 16 Juni 1962, ndipo buku lonse linatuluka pa 27 Sepitembala. Kumapeto kwake kunali masamba oposa 50 ongosonyeza kumene mfundo iliyonse anaitenga.

Makampani sanagone

Kampani ya Velsicol inaopseza osindikiza bukulo kuti iwatengera kukhoti. Ya Monsanto inafalitsa nkhani yonyoza bukulo, yosonyeza dziko litadzaza tizilombo ndi njala chifukwa chosowa mankhwala. Ena anasiya mfundo n'kuyamba kulimbana ndi munthu. Ankati ndi mkazi wongotengeka maganizo, wosakwatiwa, wopanda PhD, wodziwa nsomba basi. Bala lija la 1934 analitokosa dala. Matenda awo a khansa Mayi Carson anawabisa, podziwa kuti adani akamva adzati akulemba chifukwa cha kuwawidwa mtima ndi matenda.

Pa 3 Epulo 1963 wailesi ya kanema ya CBS inaonetsa pulogalamu ya nkhaniyi, ndipo anthu mamiliyoni anaona mayi wodekha, wolankhula motsitsa, akuyankha ndi umboni. Pulezidenti John F. Kennedy anali atauza kale komiti ya alangizi ake a sayansi kuti ifufuze, ndipo lipoti lake la pa 15 Meyi 1963 linagwirizana ndi mfundo zikuluzikulu za Mayi Carson. Pa 4 Juni anakaonekera pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate, thupi litafooka kale. Anapempha kuti kupopera ndi ndege kuchepetsedwe, kuti kafukufuku wa kuopsa kwa mankhwala achuluke, ndiponso kuti munthu akhale ndi ufulu wosathiridwa poizoni pakhomo pake ndi munthu wina.

Anamwalira pa 14 Epulo 1964 kunyumba kwawo ku Silver Spring, ku Maryland, ali ndi zaka 56. Zambiri zimene ankamenyera sanazione. Mu 1970 America inakhazikitsa bungwe la boma loteteza chilengedwe, Environmental Protection Agency, ndipo mu 1972 bungweli linaletsa DDT pa ulimi. Asayansi anadzatsimikizanso, iwo atamwalira kale, kuti DDT imapyapyalitsa zigoba za mazira a mbalame zina mpaka mazira kumasweka make akamafungatira. Chiwombankhanga cha ku America chimene chimafanana ndi nkhwazi yathu chinali chitatsala mabanja osakwana 500 mu 1963 m'zigawo 48 za dzikolo, koma mu 2007 chinali chitachulukanso mpaka kuchotsedwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha. Mu 1980 Pulezidenti Jimmy Carter anawapatsa, ali kumanda, mendulo ya Presidential Medal of Freedom.

Nanga malungo?

Ife a kuno sitingamalize nkhani ya DDT osafunsa za malungo, chifukwa palibe banja m'kalabu muno limene matendawa sanalikhudze. Alipo anthu mpaka lero amene amati Mayi Carson anaphetsa ana a mu Africa poipitsa mbiri ya mankhwala opha udzudzu. Mlanduwu ndi waukulu, ndiye tiuone bwino. Iwo sanapemphe kuti mankhwala onse ophera tizilombo aletsedwe, ankatsutsa kupopera mwachisawawa, kosapima. Chiletso cha 1972 chinali cha ku America, ndipo chinasiya mpata wogwiritsa ntchito DDT pa zaumoyo. Pangano la mayiko la ku Stockholm la 2001 limalolabe DDT polimbana ndi udzudzu, ndipo mu 2006 bungwe la WHO linalimbikitsa kuipopera m'makoma a mkati mwa nyumba kumene kukufunika. Komanso m'madera ena udzudzu unali utayamba kale kusamva DDT bukulo lisanatuluke, chinthu chimene iwo anachenjeza kuti chikula ngati anthu apitiriza kuithira paliponse. Komabe n'zoona kuti DDT inapulumutsa anthu ambiri, ndipo kusankha pakati pa kuteteza mwana ku malungo lero ndi kuteteza madzi ndi nsomba zimene mwanayo adzadalire mawa si nkhani yophweka. Mafunso otere amafuna anthu ophunzira amene angapime udzudzu, madzi ndi nsomba za kwawo, n'kuuza boma ndi anthu zimene apeza popanda kuwonjezera kapena kubisa.

Kwa amene mukuganiza zolowa mbali imeneyi

Ntchito zimene Mayi Carson ankagwira zilipo kuno kwathu. Maphunziro ake amapezeka ku LUANAR ndi ku Mzuzu University, komanso ku koleji ya za nkhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza ndi ku koleji ya za usodzi ku Mpwepwe, ku Mangochi. Ku Monkey Bay kuli ofufuza za nsomba, ku Zomba kuli ofufuza za mitengo. Koma lowani mukudziwa kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi kuwerenga, kuyeza ndi kulemba: kuima padoko m'mamawa kuwerenga ndi kuyeza nsomba zimene asodzi abwera nazo, kulemba m'buku, kubwereranso mwezi wamawa. Palibe amene adzakuombereni m'manja tsiku limenelo. Koma tsiku limene wina adzafunse ngati chambo chikuchepadi, kapena chimene chapha nsomba mumtsinje, yankho lidzachokera m'buku lomwelo.

Atsikana a m'kalabu muno amene anakuuzani kuti sayansi si yanu, ndi inu nonse amene sukulu yaima kaye chifukwa cha fizi, onani kuti mayiyu sukulu itaima sanachoke pafupi ndi zimene anaphunzira. Ganyu amene anapeza anali wa nsomba, nkhani zimene ankagulitsa zinali za nsomba, ndipo mphunzitsi amene anamutsegulira chitseko anali yemwe uja wa bayoloje. Aphunzitsi anu akale musawataye.

Pa msonkhano wotsatira tipitiriza nkhaniyi ndi ntchito ya manja. Ambiri kwathu kuli botolo kapena paketi ya mankhwala opopera chimanga, tomato kapena masamba, kapenanso othira m'matumba a chimanga. Aliyense ajambule pa foni zolembedwa pa botololo, osabweretsa botolo lenilenilo chonde, ndipo mukaligwira musambe m'manja ndi sopo. Tidzawerengera limodzi dzina la mankhwala, muyezo wake, masiku oyenera kudikira musanakolole, ndi mmene botolo lotha limatayidwira. Kenako aliyense akafunse kunyumba ngati zimenezo n'zimene zimachitikadi, ndiponso kuti sipuleya amakaitsukira kuti.